Mfundo Imodzi, Sabata Imodzi

Basi inamutsitsa kunja kutada kale. Tawuniyo sankaidziwa. Anangomva dzina lake pafoni m'mawa, n'kutseka shopu, n'kukwera.

Telala anaima m'mbali mwa msewu. Chikwama paphewa, chienvulopu cha kuchipatala kukhwapa. Mapazi atatupa ndi ulendo. Pafupi naye mayi wina ankalongedza malalanje otsala m'dengu.

"Zikomo mayi. Anthu odumpha aja, oberekana mpaka kumwamba, afikira kuti?"

"Amisala aja?" Mayiyo analoza ndi mlomo. "Kuseri kwa depoti. Chinyumba cha malata. Simungasochere, phokoso lawo likutengani."

Anadutsa pakati pa mabasi oimikidwa. Anaponda m'chithaphwi cha oilo. Anatukwana chamumtima. Kenako anamva wezulo.

Chinyumbacho kale ankasungiramo matumba. Tsopano munali mababu awiri, matiresi ong'ambika atayalidwa pansi, zingwe, mapaipi, njinga ya tayala limodzi itatsamira khoma. Fungo la thukuta ndi mankhwala otikitira minofu. Pakati, anyamata ankayesera kukwerana pamapewa. Pambali pawo panaima mwamuna wamtali, chifuwa ngati chitseko, manja m'chiuno, akuwerenga mokweza.

Mlongo wake wamng'ono. Gulu lonse linkamutcha Mzati.

Dzinalo silinali lachibwana. Gululi linkayenda m'matawuni kuonetsa masewera, ndipo chimene anthu ankadikira chinali nsanja. Munthu mmodzi pansi, awiri pantchafu zake, awiri pamapewa, mmodzi pamwamba penipeni. Wapansiyo anali iye. Zaka khumi ndi zinayi. Nsanja ikatsika, ankapindika chagada ngati mlatho, anthu atatu n'kuima pamimba pake. Anthu ankakuwa. Ana ankathawira kumbuyo kwa amayi awo.

Msana unayamba ndi kudandaula m'chiuno. Anaupaka mankhwala. Kenako moto unatsika mwendo wamanzere, kuchokera kuthako mpaka kuchala chachikulu. Anaupaka mankhwala. Phazi litayamba kukwekwereza pansi, Telala anamugwira dzanja ngati mwana wa sukulu n'kupita naye kuchipatala chachikulu.

"Sanagwe ayi," anatero dokotala. "Mumadziwa waya? Mukamaupinda uku ndi uku, tsiku lina umathyoka wokha. Fupa lomaliza la msana, apa pachiuno, lang'aluka choncho. Ndipo lapana mtsempha wopita kumwendo."

Opaleshoni yake inali yodabwitsa. Sanamung'ambe msana. Anangoboola pawiri, n'kulowetsa kapaipi konenepa ngati chala. Ankayang'ana zam'kati pa sikirini. Anapala fupa pamene linkapana mtsempha, n'kumanga mng'aluwo ndi kabawuti. Potseka, bala lina analisoka mfundo ziwiri, lina imodzi. Basi. Tsiku lachiwiri Mzati anali akuyenda m'khonde la chipatala, akuseka ndi anamwino.

Kuyenda msangako n'kumene kunawononga zinthu.

Dokotala ananena momveka: miyezi inayi osanyamula ngakhale ndowa ya madzi. Telala anamugoneka kwake, m'kachipinda kosungira nsalu. Anamuphikira, anamuchapira, anamuletsa ngakhale kuwerama kuti amange nsapato. Masiku anayi apitawo anapita kukagula mazipi ndi ulusi. Pobwera anapeza bedi loyala bwino. Munthu mulibe. Foni yozimitsa.

Amene anayamba kumuona pakhomo anali mkazi wa Mzati. Kamunthu kochepa, kopepuka ngati nthenga. Ndiye ankakhala pamwamba pa nsanja, n'chifukwa chake ankamutcha Kambalame. Anathamanga n'kumulandira chikwama.

"Alamu! Mwayenda bwanji?"

Wezulo inasiya kulira. Mzati anatembenuka. Anatembenuka thupi lonse, osati khosi lokha. Telala anaona zimenezo.

"Achemwali. Wakuuzani ndani kuti tili kuno?"

Kambalame anayang'ana pansi. Mzati anamuyang'ana, n'kumvetsa.

"Tenga katundu wako," anatero Telala. "Tikwera basi yoyamba."

"Khalani pansi kaye, mumwe tiyi."

"Sindinabwerere tiyi."

"Mlendo sakana mpando, mayi." Amene analankhula anali mkulu wa gululo, bambo wadazi, wamiyendo ya matewe, wezulo ikulendewera pachifuwa. Ankangomutcha a Wezulo. Anakoka kreti n'kuipukuta ndi chipewa. "Khalani. Nkhani yoimirira imathera m'makutu a oyandikana nawo."

Anakhala. Miyendo inamukakamiza.

"Mawa akukwera?" anafunsa.

"Iyeyu sakwera. Amakweredwa." Anyamata anaseka. A Wezulo anawadzudzula ndi diso. "Mawa masana, tawuni inayo. Masabata ake atatu akutha lero."

"Masabata atatu a chiyani?"

"A mfundo zitatu."

Telala sanamvetse. A Wezulo anakwinya thalauza n'kuonetsa msongolo. Chipsera chachitali, ngati bongololo.

"Ichi chinali mfundo zisanu ndi zinayi. Ndinakhala masabata asanu ndi anayi. Lamulo lathu ndi limenelo. Ukavulala, umapita kuchipatala. Ukabwerako, timawerenga. Mfundo imodzi, sabata imodzi. Palibe kukangana, palibe kukondera. Iwe, aonetse."

Mnyamata wina anatukula malaya. Mfundo zisanu panthiti. Wina anaweramitsa mutu, n'kupatula tsitsi. Zinayi. Wina anayamba kumasula lamba.

"Iwe usiye, pali mlendo!"

"Ndimati ndiwaonetse zisanu ndi ziwiri zanga, bwana."

"Zako tinaziona. Tinalephera kudya masiku awiri."

Kuseka kunadzaza chinyumba. Ngakhale Mzati anamwetulira.

"Nanga wanuyu," anapitiriza mnyamata wa nthiti uja, "tinawerenga tonse. Tinachita kuyatsa tochi kuti tipaone. Ine ndimayesa udzudzu wamuluma."

"Opaleshoni ya anthu olemera imeneyo. Amangokutsina."

"Ine apongozi anga anandibayapo ndi foloko kuposa pamenepo."

Telala anatsegula envulopu. Anatulutsa chithunzi chakuda chija cha mafupa n'kuchikweza kubabu. Onse anasonkhana. Mafupa a msana anaoneka otuwa, osanjikizana. Pansi penipeni kabawuti kankawala mbee.

"Mukuona? Bala lenileni lili m'katimu. Zimene munawerengazo ndi pakhomo chabe."

Onse anayang'anitsitsa chithunzicho. Telala anaganiza kuti amva.

"Ee!" anakuwa wa tsitsi uja. "Chitsulo! Amuika chitsulo!"

"Ndiye kuti tsopano walimba kuposa kale!"

"Mzati wa simenti, waya m'kati. Bwana, tiwonjezere munthu wachisanu ndi chimodzi."

Anayamba kumumenya Mzati pamapewa, mwachikondi. Aliyense ankafuna kuchigwira chithunzicho. Wina anapempha kuti achijambule ndi foni, akachiike pa chikwangwani cha masewera. Telala anawayang'ana mmodzimmodzi. Umboni umene anausenza tsiku lonse unali utalowa mbali ya adani.

"Tamverani," anatero. Mawu anatuluka aang'ono. Anayesanso. "Tamverani, inu! Ine ndine telala. Ndikafuna kulumikiza nsalu ziwiri, ndimayamba ndabaya phini. Phini imangogwira kuti nsalu isasunthe. Si msoko. Ukavala diresi la maphini okhaokha n'kupita kukavina, ubwerako uli maliseche. Kabawutiko ndi phini. Msoko wake ndi fupa, ndipo fupa silinagwirane. Likufuna miyezi inayi. Mukamusenzetsa mawa, kathyoka kapena kazuka. Mtsempha ukapanidwanso, mwendo umenewo ndi wa m'manda."

Anyamata anasiya kuseka. Mmodzi anabweza chithunzi mwaulemu, ndi manja awiri.

A Wezulo anakanda dazi lawo nthawi yaitali.

"Zaphinizo ndazimva, mayi. Mayi anga ankasoka." Anaseweretsa wezulo pachifuwa. "Ine sindinamumange chingwe. Sindinamuitane. Anabwera yekha, tsiku lake litayandikira. Popanda iye nsanja palibe, zimenezo n'zoona. Tidumpha, tiyendetsa njinga, anthu aombera m'manja mwaulesi. Sitifa. Mutengeni."

Telala anapumira m'mwamba.

"Koma mumufunse kaye. Lamuloli analikhazikitsa ndani?"

Mzati anali atachokapo kale. Anapita kumapeto kwa chinyumba, kumene kunali kamdima.

Tiyi anabwera m'makapu a pulasitiki, ndi buledi wouma. Amene anamubweretsera anali woimba ng'oma wa gululo, bambo wa imvi zapatalipatali. Ankayenda mokoka mwendo wamanja, bondo losapindika. Anakhala pansi pafupi ndi kreti, mwendowo atautambasula ngati mtengo.

"Musamuone choncho, achemwali. Lamulolo linali labwino pachiyambi."

"Labwino bwanji?"

"Kale tinkavutika. Munthu akaledzera usiku, m'mawa akuti msana. Akafuna kukaona chibwenzi, akuti bondo. Onse odwala, koma pa chakudya onse ochira. Wapansi ndiye ankalira, chifukwa iye sangajombe. Tsiku lina mlongo wanuyu anatopa. Anati ululu sitiuona, koma ulusi timauona. Tiziwerenga ulusi. Tonse tinavomera. Ulesi unatha tsiku lomwelo."

Anamwa tiyi.

"Ine ndinali wapaphewa. Lamanzere. Chaka chachitatu cha lamulolo ndinatera molakwika. Bondo linangolira kuti thu. Magazi ayi, bala ayi. Kuchipatala anangondikulunga bandeji. Ndinabwera, anthu anasonkhana kuti awerenge." Anaseka pang'ono. "Panalibe chowerenga."

"Ndiye?"

"Ndiye mfundo palibe, sabata palibe. Ndinapempha masiku atatu okha. A Wezulo akanalola. Mzati anati ayi, tikayamba kukhululuka ndiye kuti lamulo lafa. M'mawa mwake ndinakwera. Ndinatsika ndi machira." Anasisita bondolo. "Ng'oma ndinaiphunzira ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Sindiimba bwino. Amangondipirira."

Telala anaika kapu pansi. Nkhaniyi mlongo wake sanamuuzepo. Pafupifupi milungu itatu m'nyumba mwake, akudya naye mbale imodzi, osatchula.

"Munamuuza kuti apite kwawo?"

"Tsiku limene anafika. Dzulo. Lero m'mawa. Ndinati mphwanga, ine ndinakukhululukira kalekale, usandilipire ndi mwendo wako, ndiutani ine? Sungalowe pa bondo langa." Anapukusa mutu. "Amangondiyang'ana bondo. Nkhope sandiyang'ana. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano."

Telala anaimirira n'kupita kumapeto kuja.

Mzati anali atagona chagada pa simenti, mawondo atakweza. Kambalame anakhala pambali pake, akusoka mikanda pa chovala cha masewera. Ankasoka moipa. Tsiku lina Telala akanamulanda singano.

"Tembenuka ndione."

Anatembenuka pang'onopang'ono, mano ataluma. Telala anatukula malaya. Timabala tiwiri, touma bwino, tofiirira. Batani la shati likanatiphimba. Chinthu chaching'ono chonchi, n'kumabisa zonse zija. Anakwiyira dokotala. Akanangomung'amba kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, mfundo makumi anayi, bwenzi munthuyu ali pabedi mpaka chaka chamawa.

"Gonanso chagada. Ndipatse phazi."

"Achemwali…"

"Phazi."

Anachita monga anamuphunzitsira namwino. Anaika chala chake pa chala chachikulu cha phazi lamanja. "Kankha." Chinakankha mwamphamvu. Anasamukira kumanzere. "Kankha."

Chinakankha. Koma ngati cha mwana.

"Sabata yatha chinali champhamvu kuposa apa."

"Ndi ulendo. Basi inkagwedeza."

"Wanyamula chiyani chifikireni?"

"Palibe."

"Ananyamula ine," anatero Kambalame, osadzutsa mutu. "Dzulo. Kungoyesa."

Telala anakhala pansi pa simenti yozizira. Mawu onse amene anakonza m'basi anali atatha. Anayamba ena. Anamukumbutsa za mwana wake wamkazi ndi Kambalame, amene anamusiya kwa agogo ake. Anamukumbutsa mmene ankaliralira usiku asanapite ku opaleshoni, bambo wamkulu, akuluma pilo. Anamuuza kuti amuphunzitsa kusoka, makina achiwiri alipo, amuna ambiri amasoka. Anamunyoza. Anamutcha chitsiru, bulu, mwana wosamva amene mayi awo anafa akumudandaula. Anapepesa. Anamugwira dzanja.

Mzati anamvetsera zonse, maso kudenga.

"Mwatha?"

"Sindinathe."

"Mwamuona wang'omayo?"

"Ndamuona. Akuti upite kwanu."

"Akatero ndiye zikuipiraipira." Anatembenuzira nkhope kukhoma. "Anandipempha masiku atatu, achemwali. Atatu. Anagwada, ndi bondo lomwelo. Ine ndinati lamulo ndi lamulo. Lero ine ndibwere ndi pepala la dokotala, nditi anzanga, langa ndi bala lapadera, lili m'kati, ndipatseni miyezi inayi? Lake linali kuti? Silinali m'kati?"

"Ndiye lithetse lamulolo. Unaliyambitsa ndiwe."

"Ndilithetsa. Mawa madzulo, nsanja ikatsika. Ndiima pamaso pa onse, ndinene kuti linali lopusa. Koma ndiyambe ndalilawa. Ndikalithetsa lero, ndiye kuti linali la anthu ena okha."

"Ukapanda kuchoka pabwalo woyenda?"

Mzati anabwezera maso kudenga.

Telala anatembenukira kwa mlamu wake. "Nanga iwe? Unandiimbira foni kuti ndidzatani? Kana kukwera. Popanda wapamwamba nsanja palibe."

"Ndinakana kale, alamu." Singano inaima. "Anati akweza mnyamata wa nthiti uja. Ameneyo amalemera kuwirikiza ine. Ndipo amatera ngati thumba la simenti." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ngati akhale pansi, bola pamwamba pakhale ine. Ndasiya kudya chamadzulo kuyambira Lolemba."

"Wasiya kudya?"

"N'zimene ndingathe."

Telala anayang'ana awiriwo. Wina wagona chagada ndi chitsulo mumsana. Wina akudzipha ndi njala kuti apepuke ndi kilo imodzi. Anafuna kuwamenya onse. Anafuna kuwabereka kumbuyo, monga ankamuberekera Mzati ali khanda, n'kutuluka nawo. Koma Mzati tsopano ankalemera ngati anthu awiri.

Anabwerera kwa a Wezulo. Anawapeza akukulunga zingwe.

"Muletseni inuyo. Ndinu mkulu. Nenani kuti mawa nsanja kulibe."

"Ndinanena."

"Ndiye?"

"Anati akaima pakati pa bwalo yekha, aitane anyamata mayina pamaso pa anthu. Ndipo akwera, mayi. Anawaphunzitsa ndi iye. Wezuloyi amaimvera, koma iyeyo amamuopa." Anamanga chingwe n'kuchiponya pambali. "Ndayesa kuchotsapo awiri a pantchafu. Akuti yonse kapena ayi. Mlathowo ndiye ndaukana, ndipo wavomera. Ndapeza zomwezo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ife tingogogoda."

Anamupatsa matiresi pafupi ndi khoma, ndi bulangete lonunkha mankhwala otikitira. Telala anayesa foni ya kuchipatala. Inalira, inalira, palibe woyankha. Anagona osavula nsapato.

Lole inafika kusanache bwino. Anyamata anayamba kukweza katundu. Matiresi, mapaipi, zokuzira mawu, njinga ija. Mzati atagwira chingwe chimodzi, atatu anamuthamangira.

"Siyani, akulu! Tinyamula ife."

"Mwamva zimene ananena achemwali. Phini si msoko."

Anamulanda ngakhale kachikwama kake ka zovala. Wina anamuyalira matiresi awiri pamwamba pa katundu kuti akhale pofewa. Anali atamva ndithu. Ankamusunga ngati dzira, kuti masana akamukwere asanu.

Wang'oma anadutsa pafupi ndi Telala, ng'oma kumsana.

"Ndikaimba mothamanga," anatero motsitsa mawu. "Nsanja imaima mpaka ng'oma itasiya. Masiku onse ndimawerenga makumi awiri. Lero ndiwerenga zisanu."

"Zisanu n'zambiri."

"Ndikudziwa."

Mzati anabwera kudzatsanzika. Anali atasamba, atapesa. Ankaoneka wamphamvu kuposa munthu aliyense pamalopo.

"Basi yanu imanyamuka sikisi koloko. Ndikuimbirani madzulo."

Telala anayang'ana kumbali. Mzati anadikira pang'ono, n'kupita ku lole. Anagwira chitsulo, anaponda tayala ndi mwendo wamanja, anadzikoka. Phazi lamanzere linakodwa m'mphepete mwa thabwa. Analikweza ndi dzanja, mwachangu, n'kuyang'ana ngati wina waona.

Kudepoti kondakitala anayamba kuitanira. Ankatchula tawuni ya kwawo. Kushopu kunali madiresi atatu a ukwati wa Loweruka, osapinda m'munsi.

Telala anapita kutsogolo kwa lole. Dalaivala ankapukuta galasi ndi nyuzipepala.

"Achimwene, komwe mukupitako chipatala chiliko?"

"Chiliko. Chaching'ono."

"Chachikulu chili kutali bwanji?"

"Maola atatu. Msewu ukakhala bwino."

Anazungulira kumbuyo. Anaponya chikwama m'mwamba. Kambalame anatambasula dzanja n'kumukoka. Anyamata anasuntha, n'kumusiyira malo pa mulu wa zingwe, moyang'anizana ndi mlongo wake.

Lole inalira, inatuluka kuseri kwa depoti, inalowa mumsewu. Pakona panali dzenje. Dalaivala sanalione. Katundu yense anadumpha n'kutera.

Mzati anatseka maso. Milomo inayera. Atatsegula anapeza mlongo wake akumuyang'ana, ndipo anamwetulira.

"Msewu woipa," anatero.